Tsitsi likathothoka, funsani botolo musanafunse sing'anga

Pakangopita miyezi iwiri kapena itatu mayeso a MSCE atalembedwa, masaluni a pa Ntaja, pa Liwonde ndi pa Ulongwe amadzaza ndi atsikana amene dzana lomweli anali mu yunifolomu. Ambiri ndimawadziwa chifukwa ndawaphunzitsa ndekha kuyambira Fomu 1. Zaka zonsezi timakhala tikuwabweza pa asembule kuti akamete, ndiye akalemba pepala lomaliza amaona ngati atuluka m'ndende. Amangodikira kuti tsitsi lifike pogwirika ndi chipeso, basi ulendo wokawotcha.

Mmodzi mwa atsikana otere ndi mwana wa achemwali anga amene amakhala kufupi ndi Utale m'boma la Balaka. Iyeyu anawotcha tsitsi mu Okotobala. Sabata isanathe anapakamo dai wofiirira, wa mtundu uja atsikana akuukonda masiku ano. Mu Disembala kwathu kunali chinkhoswe, ndipo iye anali mmodzi mwa ovina kutsogolo, choncho analukitsa meshi yothina kwambiri moti masiku atatu oyamba ankagona atamwa panado. Zithunzi za tsikulo zilipo, mwana anatchena. Koma pomasula meshiyo kumapeto kwa Januwale, tsitsi linkatsatira ulusi m'manja. Pachipumi ndi m'mbali mwa makutu panatsala poyera, pena pali tizilonda. Lotsalalo linali louma ngati udzu wa m'chilimwe, ukaligwira n'kumaduka.

Achemwali anandiimbira foni usiku mawu akunjenjemera. Ankati pali munthu amene anatola tsitsi la mwanayo pa chipeso tsiku la chinkhoswe, ndipo dzina la munthuyo anali nalo kale: mayi wina woyandikana naye nyumba amene mwana wake sanasankhidwe kuvina. Mbuzi inali itapezeka kale wogula kuti ndalama yake ipite kwa sing'anga.

"Achemwali, mbuziyo isiyeni kaye m'khola. Ndibwera Loweruka," ndinawauza choncho.

Ndinalimba mtima chifukwa zimenezi zinandichitikirapo. Ndili pa koleji ya aphunzitsi ku Domasi, ndinapita pa saluni ina kukawotcha tsitsi. Mankhwala atayamba kundiluma ndinadandaula, koma wondikonzayo anati, "Piriranibe asisi, ndiye kuti akugwira ntchito." Ndinapirira. M'mawa mwake tsitsi linali litamatirira ku zilonda, ndipo mpaka lero kuseri kwa khutu langa lakumanzere kuli kamalo kofanana ndi ndalama yachitsulo kamene sikameranso kanthu. Nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzira kale Chemistry, koma sizinandifikire m'mutu kuti zimene ndinkalemba m'kope ndi zomwezo zinali kundiwotcha pamutu.

Tsopano chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa ma asidi ndi ma alikali, ndimabwera m'kalasi ndi tizikho tisanu. M'koyamba mumakhala madzi a mandimu, kenako madzi a pamjigo, thovu la sopo wochapira, chidulo chimene amayi amaphikira therere, ndipo komaliza ndimaikamo kadontho ka mankhwala owotchera tsitsi. Ana amaviika timapepala toyezera tija n'kuyerekeza mtundu wake ndi tchati cha pH, chimene chimayambira pa 0 kulekeza pa 14. Mandimu amakhala cha pa 2, madzi cha pa 7, sopo pakati pa 9 ndi 10. Chidulo chimapitirira sopo. Mankhwala a tsitsi aja amasandutsa kapepala kukhala kapepo woderako, pakati pa 12 ndi 14, kumapeto kwenikweni kwa tchati. Khungu la pamutu pa munthu limakhala cha pa 5. Ndikawauza kuti sitepe imodzi pa muyeso umenewu ndi kuchulukitsa kakhumi, m'kalasi mumakhala zii, makamaka kumbali ya atsikana.

Mitundu yambiri ya mankhwalawa imakhala ndi sodium hydroxide, yemwe ndi kositiki soda yemweyu amene magulu a amayi amapangira sopo atavala magolovesi. Ina imalembedwa kuti ilibe soda ameneyu, ndipo ambiri amaganiza kuti imeneyo ndiye yabwino ngakhale kwa ana. Imeneyi amasakaniza calcium hydroxide ndi guanidine carbonate. Siluma msanga, n'zoona, komabe ndi alikali wamphamvu, ndipo imasiya tsitsi louma kwambiri chifukwa cha calcium amene amatsalira.

Kuti timvetse chimene chimachitika, tilione kaye tsitsilo. Tsitsi limodzi lili ngati nsomba ya chambo: kunja kuli mamba osanjikizana, m'kati muli mnofu. Mnofuwo ndi puloteni yotchedwa keratin, yomangidwa ndi timfundo ta salufa, ndipo timfundo timeneti ndi timene timasunga tsitsi m'maonekedwe amene linamera nawo. Alikali amatukula mamba aja, amalowa m'kati n'kudula timfundoto. Tsitsi limawongoka chifukwa lathyoledwa msana. Timfundo tikaduka motere sitibwereranso mwakale, ngakhale mutapaka mafuta odula bwanji. Dai wosasuluka amalowera khomo lomwelo: amoniya amatsegula mamba, hydrogen peroxide amawononga mtundu wakuda wachibadwa, kenako utoto watsopano umakhazikika. Kuti tsitsi lakuda bii ngati lathuli lisanduke lofiirira kapena lachikasu, pamafunika peroxide wambiri. Ndiye taganizani tsitsi limene lathyoledwa Lolemba, Loweruka lake n'kulisukulutsanso.

Chinanso n'chakuti tsitsi la mbali yomwe latuluka kunja si lamoyo. Chamoyo ndi muzu umene uli pansi pa khungu. Bala la pamkono limapola, koma tsitsi long'ambika kunsonga silipola. Mabotolo amene amalembedwa kuti amakonzanso tsitsi loonongeka amangomata ming'alu kwa masiku angapo, ngati mmene timazirira nyumba ya zidina, ndipo mukasambitsa zimachoka.

Ngakhale lisanaone mankhwala, tsitsi lathu ndi louma kale mwachibadwa. Khungu la pamutu limatulutsa mafuta ake, ndipo pa tsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka mpaka kunsonga. Lathuli ndi lopotanapotana, mafuta amathera m'njira. Pamene lapindika paliponse ndi pofooka, ndipo ndi pomwe limadukira chipeso chikadutsa. N'chifukwa chake anthu ena amati tsitsi lawo silikula. Limakula ndithu, pang'ono kuchepera sentimita imodzi pamwezi, kungoti limaduka kunsonga pa liwiro lomwelo limene likumera kumizu.

Kuno kwathu pali adani ena awiri amene mabotolo ochokera ku Johannesburg sawatchula. Woyamba ndi dzuwa. Amene anaimapo pa siteji ya Liwonde kapena pa Chingeni mu Okotobala masana akudziwa chimene ndikunena. Wachiwiri ndi madzi. Mijigo yambiri ya m'Balaka ndi ya m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa imatulutsa madzi a mchere, ena olemera moti sopo sachita thovu. Calcium ndi magnesium wa m'madzi otere akakumana ndi sopo wamtanda amapanga zoyerayera zija zimatsalira m'beseni. Zomwezo zimatsalira m'tsitsi, n'kulisiya lotuwa, lokakala, lokana chipeso. Ambiri mwa ife timasambitsa mutu ndi sopo yemwe tachapira zovala, ena mpaka sopo waufa. Pa mutu wometa palibe vuto lalikulu, koma pa tsitsi lowotcha ndiponso lodaya kumakhala kuthira mchere pachilonda.

Za kuthothoka kwa pachipumi, madokotala anazifufuza. Dokotala wa matenda a pakhungu ku yunivesite ya Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, pamodzi ndi anzake anayeza ana asukulu ndi akuluakulu a ku Langa, m'mzinda womwewo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2007. Anapeza kuti pafupifupi atsikana 17 mwa 100 alionse, komanso amayi pafupifupi 32 mwa 100, anali ndi dazi la m'mphepete lobwera chifukwa chokoka tsitsi. Amene anali pa chiopsezo chachikulu ndi aja analukitsa zothina pa tsitsi lowotcha. Ndi njira yomweyo imene mwana wa achemwali anga anadutsa, mwatsatanetsatane. Poyamba mizu imangotopa ndipo mukaipumitsa imaphukanso. Mukapitiriza zaka ndi zaka imafa, pamalopo pamasalala, ndipo palibe mafuta amene angaidzutse. Tayang'anani zipumi za amayi ena kutchalitchi kapena paukwati duku likasunthika, mudzaona kuti chipumi chinasamukira pakati pa mutu.

Palinso nkhani ina imene ndiitchule mosamala kuti ndisaopseze anthu pachabe. Mu Okotobala 2022, akatswiri a bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, National Institutes of Health, anatulutsa zimene anapeza atatsatira amayi oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11. Mwa amayi amene sankagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi, anayerekeza kuti osakwana awiri mwa 100 ndiwo angadwale khansa ya chiberekero pofika zaka 70. Mwa amene ankagwiritsa ntchito mankhwalawo koposa kanayi pachaka, chiwerengerocho chinali pafupifupi anayi mwa 100. Ofufuzawo sananene kuti agwira wakuba ndi katundu m'manja, anangoona kuti zinthu ziwirizi zikuyendera limodzi. Komabe mayi amene amawotcha mwezi ndi mwezi, zilonda zili pamutu, ndi bwino adziwe zimenezi. Ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene akumuwotcha tsitsi kuti akaoneke bwino pogwira maluwa paukwati, ine ndimaona kuti akumulakwira.

Loweruka lija ndinafika ku Utale ndi timapepala tanga toyezera m'chikwama. Ndinapempha kuti anditulutsire zonse zimene mwanayo anapaka. Mankhwala owotchera anali m'kambale ka pulasitiki kopanda dzina, kopanda tsiku lotha mphamvu, kogula pamsika kwa munthu amene amatapa m'chidebe chachikulu n'kumagulitsa pang'onopang'ono. Shampu yapadera imene imayenera kuthiridwa pambuyo pake kuti izimitse ukali wa alikali panalibe, anangotsukuluza ndi sopo. Ndinaviika kapepala achemwali akuona. Kenako ndinatenga nthenga ya nkhuku, imene nayonso ndi keratin, n'kuipaka mankhwalawo n'kuisiya pambale. Pamene tinkamaliza kudya nsima, nthengayo inali italefuka, ukaikoka n'kumanyenyeka.

"Ndiye amayi aang'ono, limeranso?" mwanayo anandifunsa misozi ili m'maso.

Ndinamuyang'ana pachipumi pa dzuwa. Timabowo ta mizu tinkaoneka, ndipo pena panali titsitsi tating'ono ngati ubweya wa khanda. Ndinamuuza kuti mwayi ulipo, koma lofiira lonselo liyenera kupita. Analira kuposa mmene analirira pothothoka. Zaka zinayi za lumo la kusekondale, osawerengera za kupulayimale, ndiye wangolawa ufulu miyezi isanu, mayi wake wamng'ono yemwe, mphunzitsi ngati aja ankamubweza pa asembule, akumuuza kuti amete. Tizilonda tija tinapita nato kuchipatala, chifukwa bala la mankhwala likalowa mafinya limasiya chipsera, ndipo pa chipsera tsitsi silimera.

Agogo ake a mwanayo, amene ndi mayi anga, anakhala phee pamkeka nthawi yonseyi. Titatha anangoti, "Ife kale tinkasambira chewe." Kunena zoona ndinali nditaiwala. Masamba a chewe, yemwe uja timadya ngati therere, ukawafikisa m'madzi amatulutsa zoterera, ndipo ndi zimene amayi akale ankasambitsira mutu. Zotererazo zimachita ntchito imene kondishona wa m'sitolo amachita: zimapangitsa tsitsi kuti lisakolane, zala n'kumadutsa bwinobwino. Akatha apo ankadzola mafuta a nsatsi. Ankakazinga nthangala zake, kusinja, kuwiritsa m'madzi, n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Mafuta omwewa lero akubwera m'timabotolo tochokera kunja pa mtengo woboola m'thumba, pamene nsatsi zikungodzimerera kudzala. Chenjezo lake n'lakuti nthangala za nsatsi ndi poizoni, ana asamaziseweretse kapena kuzitafuna.

Sindikunena kuti zonse zakale zinali zabwino kapena kuti nsatsi imameretsa tsitsi pa dazi. Umboni wa zimenezo ine sindinauone, ngakhale pa WhatsApp akulengeza tsiku ndi tsiku. Ntchito ya mafuta ndi kutsekera chinyezi kuti chisathawe. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timapaka mafuta pa tsitsi louma n'kumadabwa kuti likungonyezimira koma likudukabe. Chimene chimafewetsa tsitsi ndi madzi. Linyowetseni kaye pang'ono, kenako pakani mafuta ochepa, makamaka kunsonga. A nsatsi ndi olemera, kadontho kamakwana. A kokonati ali ndi mwayi wina wakuti amalowa m'kati mwa tsitsi, ndipo mukapaka musanasambe amachepetsa kuonongeka. A malambe, mtengo umene Balaka ndi Mangochi sasowa, ndi opepuka bwino. Ngakhale peyala lakupsa lofinya bwino, kulisiya m'mutu kwa mphindi 20 n'kutsukuluza, limathandiza pa tsitsi lokakala.

Zimene ndinamulembera mwanayo papepala zinali zochepa. Asambitse mutu kamodzi pasabata, ndi shampu ngati ndalama ilipo, ndipo nthawi ya dzinja atchere ndowa pa malata chifukwa madzi amvula alibe mchere uja. Kuwiritsa madzi a pamjigo kumachotsako gawo lina la kulemera kwake, lija limasiya zoyera m'ketulo, koma mchere weniweni sumachoka. Potsiriza kusamba atsukuluze ndi lita imodzi ya madzi yothiramo supuni imodzi kapena ziwiri za viniga kapena madzi a ndimu, kuti mamba aja agonenso pansi, koma osachita zimenezi pamutu pali zilonda. Asapese tsitsi louma. Ayambe ndi zala lili lonyowa, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kubwerera kumizu. Pogona amange kansalu koterera, pakuti chitenje ndi pilo wa thonje zimamwa mafuta onse usiku. Kwa alongo athu amene amafunda mpango tsiku lonse, monga ambiri kuno ku Machinga, tsitsi liyambe lauma musanafunde, ndipo mfundo isamakhale malo amodzimodzi tsiku lililonse.

Ndikudziwa kuti ena awerenga zonsezi n'kupitabe kukawotcha. Ndi mutu wawo, ndipo ine sindidana ndi amasaluni, ambiri ndi ana athu omwe amene apeza pogwira m'dziko losowa ntchito lino. Koma chitani mwanzeru. Gulani mankhwala a m'paketi yotseka, yokhala ndi dzina, malangizo ndi tsiku lotha mphamvu. Musakande kapena kusambitsa mutu kwa masiku angapo musanapite. Wokukonzaniyo ayambe wapaka Vaseline pakhungu, avale magolovesi, ndipo ayang'ane wotchi m'malo mocheza pa foni. Zikayamba kuluma, nenani kuti atsuke pompo. Pobwereza dikirani masabata osachepera asanu ndi atatu, ndipo mankhwala apite pa lomera kumene lokha, osati pa lowotcha kale. Pakati pa kuwotcha ndi kudaya, kapena kuwotcha ndi kulukitsa, papite masabata awiri kapena kuposa. Dai wakuda, amene ngakhale abambo akubisira imvi masiku ano, nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD omwe anthu ena amatupa nawo nkhope mpaka maso kutsekeka. Pakani kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48 musanapake mutu wonse. Pa zoluka, ngati simungathe kukweza nsidze kapena mukuona titsungu m'mphepete mwa chipumi, masulani, ndalama yapita kale koma mizu ikadalipo.

Si kuthothoka konse kumene kumachokera m'botolo. Mayi amene wabereka amatha kuona tsitsi likuyoyoka pakapita miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo limabwerera lokha. Kuchepa kwa magazi, matenda aakulu ndi kusowa zakudya m'thupi zimathothotsanso tsitsi. Zipere za m'mutu mwa ana, zimene zimafala kudzera pa makina ometera osatsuka, zimafuna mankhwala akumwa a kuchipatala kwa masabata angapo, zodzola zokha sizikwanira. Pa zonsezi sindinaonepo pamene pakufunika mbuzi.

Funso limene landitsalira ndi la ife aphunzitsi. Pa 8 Meyi 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a chipembedzo cha Rasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kosemphana ndi malamulo a dziko lino, ndipo linalamula unduna wa zamaphunziro kuti udziwitse sukulu zonse pofika pa 30 Juni chaka chomwecho. Chigamulocho chinali chokhudza ufulu wa chipembedzo ndi wa maphunziro, koma mu sitafu rumu yathu chinabutsa mkangano wa tsitsi la ana onse. Anzanga ena amati kumeta kumathandiza ukhondo, kumachepetsa nsabwe, ndiponso mwana wa wosauka ndi wa wolemera amaoneka chimodzimodzi. Mfundo yomalizayi ndimaimva, chifukwa ndikudziwa mmene mtsikana angavutikire pofuna ndalama ya meshi kuti afanane ndi anzake, ndiponso kumene ena angakaipeze. Koma ndimaonanso mbali ina. Mtsikana amafika zaka 18 asanaonepo tsitsi lake litatalika ngati chala. Sadziwa kulisambitsa, kulipesa kapena kuliluka. Chimene waphunzira kwa ife n'chakuti likangotalika ndi uve. Ndiye likayamba kumuvuta m'mwezi wachitatu, amene amamupatsa yankho ndi wogulitsa kambale kopanda dzina pamsika. Ngati lamulo la lumo likhalepo, bwanji osapatula ngakhale maphunziro awiri a Life Skills kapena Home Economics mu Fomu 4 n'kukambirana za tsitsi ndi khungu? Za mafuta oyeretsa khungu ndiye ndi nkhani ina imene ikufuna tsamba lakelake.

Mwana uja anameta Lolemba lotsatira, atafunda chitenje kumutu popita ndi pobwera. Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Tsitsi lafika masentimita ngati asanu, lakuda, lofewa, ndipo agogo ake amamuluka ndi ulusi mosathina Lamlungu lililonse madzulo. Kumanja chipumi chabwerera chonse. Kumanzere, pamene panali chilonda chachikulu, pakadali kamalo koyera, ndipo sindinamulonjeze kuti padzamera. Mbuzi ija inaswa ana awiri mu Juni. Achemwali ndi mayi woyandikana nawo uja ayambanso kupatsana moni pamjigo, ngakhale za kupepesa achemwali akuti akuziganizirabe.